Gogo pa mzere wa oyembekezera

Amayi anga ali ndi zaka 64. Zidzukulu zawo zina zili pabanja kale. Koma chaka chathachi ine ndinawatenga n'kukawakhazika pabenchi pakati pa atsikana oyembekezera, kudikira kuitanidwa m'chipinda cha ecografia, makina aja ojambulira mwana ali m'mimba. Mpaka lero akafuna kundiseka pagulu amayambira pomwepo: "Uyutu ndi amene anakandivula ulemu ku Tete." Anthu amafa nalo phwete, inenso ndimaseka nawo.

Koma zimene zinachitika m'chipinda muja sizinandichoke m'mutu. Ndikuzilemba chifukwa kwathu ku Angónia kuno, usiku uno womwe, pali amayi ambiri amene adzidzimuke pakati pa tulo n'kuyamba kukutumula manja mumdima, mawa lake n'kukagwiranso khasu osauza munthu.

## Dzanzi la usiku

Zinayamba mwakachetechete. Amayi ankadzuka tambala asanalire dzanja lamanja litachita dzanzi, zala zikubayabaya, nthawi zina kutentha kwake kukwera mpaka m'chigongono. Ankalilendewetsa m'mphepete mwa bedi, kulikutumula, kulisisita, likatsitsimuka n'kugonanso. Kukacha ankaiwala. Munthu amene analera ana onse aja ndi khasu sangayambe kudandaula za dzanzi.

Kenako linayamba kubwera ndi masana omwe. Akamatonola chimanga, akamasoka fodya m'chigafa, ngakhale akagwira foni kukhutu kwa kanthawi polankhula ndi mchemwali wanga wa ku Beira. Makapu anayamba kusweka. Singano ikagwera pamphasa ankaitana mdzukulu. Ndalama zachitsulo ankachita kuzikokera kumphepete kwa tebulo kuti azigwire.

Chimene chinawawawa mumtima ndi korona. Amayi anabatizidwa ku Lifidzi ali mtsikana, ndipo sindikumbukira usiku umene anagona osapemphera. Tsopano mikanda sankaimvanso pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Ankadumpha ina, kubwereza ina, kusokonezeka. Mapeto ake anapeza njira yawoyawo: kugoneka korona pachikhatho n'kumakankha mkanda uliwonse ndi kachala kakumapeto, poti kokhako ndi kamene kanali kakumvabe bwino. Pabanja tonse tinkangoti ndi zina mwa zochita za ukalamba.

## Aliyense anali dokotala

Pamudzi matenda sasowa owadziwa. Ena anati magazi achepa, amwe chidede ndi madzi a masamba a mapeyala. Anamwa. Ena anati ndi nyamakazi ya kuzizira kwa kumapiri kuno, aziwotha moto. Wina anati ndi chiyambi cha sitiroko, mawu amene anandisowetsa tulo ine. Kuchipatala chaching'ono chapafupi anawayeza BP n'kuwapatsa panado ndi mavitamini. Anamwino aja sindiwada. Kumbuyo kwa amayi kunali mzere wa ana otentha thupi ndi malungo, ndipo gogo wodandaula zala sangapose mwana wokomoka. Titaumirira kwina anawajambula ekisireyi. Mafupa anatuluka abwinobwino. Ekisireyi imaona mafupa, mtsempha siiona, koma ife tinabwerera kunyumba ndi mawu akuti "sanapeze kanthu".

Mawu amenewo ndi oopsa kwathu kuno. Chipatala chikapanda kupeza kanthu, mudzi umapeza. Panali nkhani ya malire a dimba pakati pa amayi ndi mayi wina wachibale cha malemu bambo, nkhani imene inakafika mpaka kwa anyakwawa. Sipanapite nthawi wina anawanong'oneza kuti dzanja lolimira silingangofa lokha. Anapita nawo kwa sing'anga ine ndili kuntchito. Kumeneko anauzidwa kuti anawatchera pampini wa khasu, kanthu kanalowa m'dzanja ndipo kakukwera. Anawatema mphini kuzungulira povalira wotchi, nkhuku n'kutsala komweko. Kuyambira pamenepo amayi akakumana ndi mayi uja pamjigo ankayang'ana kumbali, ndipo zidzukulu zinaletsedwa kudya kwawoko.

## Funso la kachala

Amene anatsegula njira ndi técnico wina wachinyamata, wachipatala woona odwala koma wosafika pa udokotala, pachipatala china m'boma lathu lomweli. Iye sanafunse kuti dzanja likupweteka bwanji. Anafunsa kuti, "Mayi, zala zake ziti?"

"Zonse," anatero amayi.

Anagwira kachala kakumapeto. "Aka nakonso?"

Amayi anakhala kaye chete. "Iyayi. Akatu ndi kamene ndimapempherera."

Mnyamata uja anamwetulira, n'kutenga pepala kuyamba kujambula. Povalira wotchi pali timafupa 8 timene tinayalana mopanga kangalande. Pamwamba pa kangalandeko, mbali ya chikhatho, papingasa lamba wolimba. Ndiye pakati pamatsala kanjira kopapatiza, ndipo m'kanjiramo mumadutsa zingwe 9 zimene zimakoka zala tikamafumbata, pamodzi ndi mtsempha umodzi wofewa wotchedwa median. Uwu si mtsempha wa magazi ayi, ndi wa uthenga. Ndi umene umauza ubongo zimene chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete zakhudza, komanso ndi umene umayendetsa mnofu wa patsinde pa chala chachikulu. Kachala kakumapeto kali ndi mtsempha wake wina, wa ulnar, umene sudutsa m'kanjira kaja. Mafupa satanuka, lamba satanuka. Choncho m'katimo mukathinana, chofinyika ndi chofewacho. Usiku zimanyanya chifukwa ambirife timagona dzanja litapindika, ndipo kupindako kumawonjezera kuthina. Papepala analemba kuti síndrome do túnel do carpo. Ku Malawi adokotala amati carpal tunnel syndrome.

Koma sanathamangire. Anawayang'ana khungu kumsana ndi m'mikono kufuna zigamba zotuwa, kuzikhudza ndi thonje, n'kupapasa mtsempha wa kuseri kwa chigongono. Ankafufuza khate, limene m'dziko lathu la Mozambique muno likadalipo ndipo nalonso limatupitsa mitsempha ya m'manja n'kuchititsa dzanzi. Anawabaya pachala kuyeza shuga. Anapapasa pakhosi kuona za chithokomiro. Anawazungulitsa khosi, poti mtsempha ukapanikizika m'khosi dzanzi limatha kutsikira kuzala. Anafunsa ngati mapazi nawonso amatentha usiku, chifukwa dzanzi la shuga, la kachilombo kapena la mankhwala ena a TB limakonda kuyambira kumapazi onse awiri. Zonsezo ayi.

Kenako anawauza kuti agundanitse kumbuyo kwa manja zala zitaloza pansi, akhale choncho mphindi imodzi. Theka la mphindi lisanakwane amayi anali atayamba kale kukwinya nkhope. Kuyesa kumeneku kuli ndi dzina la George Phalen, dokotala wa maopaleshoni a manja wa ku America amene anatchukitsa matendawa m'zaka za m'ma 1950. Anawagogodanso ndi chala pamwamba pa mtsempha, amayi n'kudzidzimuka chifukwa kunjenjemera kunathamangira kunsonga za zala. Chimenecho ndi chizindikiro cha Jules Tinel, Mfalansa amene anachilemba mu 1915 akusamalira asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pomaliza anaika zikhatho ziwiri pamodzi n'kundionetsa chimene maso anga anali asanaone m'nyumba momwemo: mnofu wa patsinde pa chala chachikulu chakumanja unali utaphwa.

Anati mnofu ukayamba kuphwa ndiye kuti nkhani yafika pa opaleshoni, ndipo adokotala asanang'ambe munthu amafuna umboni. Njira yodziwika ndi yoyeza ndi magetsi liwiro la uthenga mu mtsempha. Koma makina amenewo amayenda ndi madokotala a mitsempha ndi ubongo, amene m'dziko muno ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Njira ina ndi ecografia, ndipo iye ankadziwa dokotala wina mu mzinda wa Tete amene amajambula manja.

"Ecografia yake iti?" anafunsa amayi. "Ija ya mimba?"

"Yomweyo, mayi."

Anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, tiye tizipita. Awa akusewera nane."

## Pabenchi

Kuwanyengerera kunatenga nthawi, ndipo amene anapambana ndi mchemwali wanga pafoni, osati ine. Ulendo wake mukuudziwa: chapa (minibasi) ya m'mamawa pa Ulongué titavala majuzi, makilomita oposa 200, kutsika mapiri, pa Mussacama kulowa msewu waukulu wochokera ku Zóbuè, fumbi la malasha pa Moatize, kenako mlatho wa Samora Machel, Zambezi ali pansi. Pofika m'tauni majuzi ali m'chikwama, thukuta lili chuchuchu.

Pakhomo la chipinda cha ecografia panali benchi lalitali lodzaza atsikana, ena ang'ono kuposa zidzukulu za amayi, aliyense khadi lasikelo m'manja. Amayi anakhala kumapeto kwenikweni, duku atalitsitsira pamphumi, manja atawabisa m'chitenje. Mmodzi, amene kalankhulidwe kake kanali ka kwathu komwe kuno, anawasuzumira. "Agogo, mwaperekeza ndani?"

"Ndadziperekeza ndekha."

Benchi lonse linaphulika. Amayi, poona kuti kubisa sikuthandiza, anatulutsa dzanja n'kuyamba kufotokoza. Ali m'kati mofotokoza mtsikana wina wa mimba yaikulu anawadula mawu, akuti iyenso usiku zala zitatu zomwezi zimamuchita chimodzimodzi, ndipo apongozi ake akuti mwana wagonera mtsempha. Adokotala anatiuza pambuyo pake kuti zimenezi n'zofala m'miyezi yomaliza, thupi likamasunga madzi ambiri, ndipo kwa ambiri zimatha okha akachira. Matendawa amagwira akazi kuposa amuna, pafupifupi katatu. Ndiye benchi limene amayi ankalichitira manyazi silinali lachilendo kwenikweni ku vuto lawo.

## M'chipinda

Titalowa amayi anayang'ana kabedi kaja ndi nkhope ya munthu wopita kokaweruzidwa. Adokotala, bambo wa imvi zapatalipatali amene ankalankhula Chipwitikizi n'kumaponyamo Chinyungwe, anawalozera mpando. Dzanja pa pilo, chikhatho kumwamba, zala zopindika pang'ono.

"Basi? Sindigona?"

"Basi, mãe."

Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi chakuti anasintha kachipangizo kogwira m'manja kaja, kamene iwo amati sonda. Anapachika ka mutu wokhota kamene anajambulira atsikana aja, n'kutenga kena ka mutu wowongoka. Makinawa amatumiza phokoso m'thupi n'kumvetsera kubwerera kwake. Khutu la munthu limalekezera pa kunjenjemera 20,000 pa sekondi, pomwe makinawa amagwira ntchito ndi mamiliyoni. Sonda ya mimba imakhala ya 3 mpaka 5 MHz, kutanthauza kunjenjemera mamiliyoni 3 mpaka 5 pa sekondi, imalowa m'kati kwambiri koma tinthu ting'onoting'ono siitulutsa bwino. Yowongoka ija imakhala ya 10 MHz kapena kuposa, siipita patali koma imaonetsa zapafupi mwatsatanetsatane. Mtsempha wa median uli mamilimita ochepa chabe pansi pa khungu, ndiye umafuna yachiwiriyi. Mulibe cheza cha ekisireyi, mulibe singano, ndi chifukwa chake amajambulira ana osabadwa.

Zipsera za mphini anaziona. Anadutsapo chala chake, sananene kanthu, n'kufinyirapo mafuta ozizira aja.

Anatembenuzira sikirini kwa amayi. Poyamba ine ndinkangoona utsi wotuwa. Iwo anayambira kumtunda, pakati pa mkono, pafupifupi masentimita 12 kuchokera povalira wotchi, n'kuloza kanthu kozungulira kokhala ndi timadontho takuda tozingidwa ndi mizere yoyera.

Amayi anawerama. "Chikuoneka ngati chisa cha njuchi."

Nditamasulira adokotala anaseka, akuti mabuku awo amanenanso chimodzimodzi. Kadontho kalikonse ndi mtolo wa timitsempha ting'onoting'ono, ndipo mtsempha wathanzi umaoneka choncho. Kenako anayamba kutsetsereka nayo sonda kulowera kudzanja, pang'onopang'ono, kanthu kaja akukasunga pakati pa sikirini. Tonse tinaona kakusintha. Timadontho tinayamba kuzimiririka. Kanayamba kunenepa, kuda, mpaka pakhomo la kanjira kaja kanali chibulunga chakuda chotupa. Atapitirira pang'ono kulowa pansi pa lamba, kanaphwatalala. Mtsempha umatupa chakumtunda kwa pamene wafinyidwa, ndipo malo otupawo ndi amene amayeza.

Kuti atitsimikizire kuti sakuloza chingwe, anapendeketsa sonda uku ndi uku. Zingwe zozungulira zija zinkawala n'kuda, kuwala n'kuda, pomwe mtsempha sunkasintha kwenikweni. Anauza amayi kuti afumbate n'kutambasula. Zingwe zinayenda zonse pamodzi, amayi n'kufuula kuti "Ee! ndine ndikuchititsa zimenezo?" Anafumbatanso, kutambasula, kufumbatanso, maso ali pasikirini. Mtsempha wokha unkangogwedera pang'ono. M'dzanja labwino, anatero adokotala, umasendera pambali momasuka kupatsa njira zingwe.

Anaimitsa chithunzi pamzere wa kafupa kozungulira kamene mungakakhudze nokha patsinde pa chikhatho, mbali ya kachala kakumapeto. Anazunguliza mtsempha ndi kadontho koyera, kutsata m'kati mwa mphepete yake yowala, makina n'kutulutsa nambala ya kukula kwa mtsemphawo: 17 mm². Kumtunda kuja unali 7. Ambiri amaika malire pa 10 mm², ndipo pogawa nambala ya pansi ndi ya kumtunda, yankho likapitirira 1.4 amayamba kukayika. La amayi linapitirira 2. Dzanja lamanzere, limene ankati lilibe vuto kwenikweni, linatuluka 12.

Ine ndinkaona ngati tamaliza. Amayi anandikoka malaya.

"Afunse ngati mulibe china."

"China chiyani, amayi?"

"Iwe afunse. Chinthu choti chinachita kulowa."

Ndinamasulira momwemo, ndikudikira kuti aseke kapena ayambe ulaliki wonyoza asing'anga. Sanachite chilichonse mwa ziwirizo. Anati funso limenelo ndi limene iwonso amadzifunsa pa munthu aliyense, chifukwa nthawi zina m'kanjiramo mumakhaladi china. Mumatha kukhala kachotupa ka madzi, chotupa cha mafuta, kutupa kwa zokutira zingwe chifukwa cha nyamakazi kapena TB, kapena fupa limene linathyoka kale n'kulumikizana mokhota. Anthu ena anabadwa ndi mtsempha wa median wogawika pawiri, ena ali ndi kamtsempha ka magazi kowonjezera kodutsa momwemo, ndipo wochita opaleshoni amafuna kudziwiratu zimenezo asanagwire mpeni. Anawonjezera kuti ngakhale munga kapena kachidutswa ka mtengo, zimene ekisireyi kawirikawiri imaziphonya, makinawa amazionetsa.

Anathiranso mafuta. Anayambira pakati pa chikhatho, kudutsa pamphini paja, kukwera mpaka m'chigongono, kenako kubwerera, sonda ataiika mopingasa, kenako motsata mkono. Anayatsa mitundu, magazi n'kumaoneka ofiira ndi abuluu akuphethira m'mbali. Chilichonse chimene amayi analoza ndi chala chamanzere kuti "nanga icho?", iwo ankaima n'kuchitchula: ili ndi fupa, uwu ndi mnofu, uwu ndi mtsempha wa magazi. Panja atsikana ankadikira, koma sanafulumire.

"Mulibe, mãe. Ndi mtsempha wanu womwe, wathinidwa."

Amayi anapukuta mafuta ndi kapepala, kupukuta, kupukutabe pouma kale. "Ndiye wandichita ndani?"

Adokotala anafunsa ntchito zimene amagwira, ine n'kuzitchula. Anati zaka zili m'gulu, kukhala mkazi kuli m'gulu, ntchito yofinya ndi kupinda dzanja mwamphamvu tsiku ndi tsiku ili m'gulu, ndipo ena anangobadwa ndi kanjira kopapatiza. Kwa anthu ambiri sipapezeka chifukwa chimodzi choti uloze. Anati amaonanso amuna ogwira makina onjenjemera obowolera miyala akubwera ndi vuto lomweli.

Sindikunena kuti amayi anatuluka m'chipindamo atasiya kukhulupirira zonse zimene anakula nazo. Sanasiye, ndipo si ntchito ya sonda imeneyo. Koma pa dzanja ili lokha anali atayang'anamo ndi maso awo. Mu chapa pobwerera, titadutsa Moatize, anangoti, "Nkhuku yanga ija inapita yaulere."

## Zimene sonda singanene

Nditabwerera ndinayamba kuwerenga, ndipo ndiyenera kunena mbali inayo, kuopa kuti wina angagulitse mbuzi kuthamangira ku Tete akuganiza kuti makinawa ndi mlosi.

Njirayi si yatsopano. Dokotala wina wa ku Austria, Wolfgang Buchberger, ndi anzake analemba mu 1991 ndi 1992 zizindikiro zitatu zooneka pa ecografia: kutupa kwa mtsempha pakhomo la kanjira, kuphwatalala kwake m'kati, ndi kutukumuka kwa lamba. Mu 2012 bungwe la ku America la madokotala oyeza mitsempha ndi minofu, AANEM, linavomereza kuti kuyeza kukula kwa mtsempha wa median ndi njira yodalirika yopezera matendawa. Komabe malire ake sanamangidwe pa nambala imodzi. Ena amayambira pa 9 mm², ena amadikira 12, ndipo munthu wa thupi lalikulu kapena wa shuga amatha kukhala ndi mtsempha wokulirapo popanda kufinyika. Palinso anthu amene ali ndi matendawa ndithu koma chithunzi n'kutuluka chabwino. Chithunzi chimaonetsa maonekedwe a mtsempha, sichiyeza mmene ukugwirira ntchito. Zimenezo ndi za makina a magetsi aja, ndipo pamene zizindikiro zasokonekera, iwo ndi amene amafunikabe.

Kwa amayi chithunzi chinangotsimikiza zimene técnico uja anali atazipeza kale ndi mafunso, thonje ndi chala chake. Akanapanda kufunsa za kachala kaja, sitikanadziwa n'komwe kuti sonda iikidwe pati. Ndipo nambala ija imadalira dzanja la woyeza. Akakanikiza kwambiri mtsempha umaphwatalala, akapendeketsa umaoneka waukulu, akazunguliza kunja kwa mphepete yowala ija amawonjezera mamilimita amene kulibe.

Chimene chimandivutabe ndi ichi. Makina a ecografia tinayamba kuwaona kalekale kumbali ya amayi oyembekezera, ndipo ndi bwino kuti ali kumeneko, amapulumutsa miyoyo. Koma makina omwewo, atakhala ndi sonda yowongoka ndi munthu wophunzitsidwa kutsata mtsempha, angayeze dzanja m'mphindi zochepa. Chigawo chathu chimadya ndi manja. Chimanga, mbatatesi, soya ndi fodya wa ku Angónia, Tsangano ndi Macanga zimadutsa m'zala za amayi a msinkhu wa amayi anga. Ena amawoloka pa Calómuè kukafuna thandizo ku Dedza, ena amatsikira ku Tete monga tinachitira ife, koma ambiri amangokhala mpaka chala chachikulu chitasiya kugwira. Sindikuona chifukwa choti gogo aziyenda tsiku lathunthu kuti akaone chinthu chimene chili pansi pa khungu lake penipeni.

## Tikakolola

Dzanja lamanja linapita ku opaleshoni. Ndi yaing'ono: amang'amba pang'ono patsinde pa chikhatho n'kudula lamba uja kuti kanjira katseguke, munthu ali maso. Atauzidwa kuti awabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amayi anati asavutike, dzanzi abwera nalo kale kuchokera kumudzi. Anatuluka tsiku lomwelo, ulusi anakachotsa patatha pafupifupi milungu iwiri.

Kudzuka kwa usiku kunatha msangamsanga, m'masiku oyambirira omwe. Kumva kwa nsonga za zala kukubwerera mwaulesi, mwezi ndi mwezi, ndipo chala chapakati chikadali chogontha pang'ono. Pachilonda pankawawa akatsamira chikhatho kwa miyezi ingapo. Mnofu umene unaphwa uja sunadzaze, ndipo adokotala anatichenjezeratu kuti pa msinkhu wawo, mtsempha utafinyika nthawi yaitali chotere, mwina sudzabwerera wonse.

Za mayi wachibale uja, musayembekezere kuti panali kupepesana. Amayi si munthu wotero. Chimene ndinaona ndi chakuti pamaliro ena m'mudzi anakhala mphasa imodzi akusenda nyemba, ndipo zidzukulu zinayambanso kubwera kunyumba zitakhuta kwina. Nkhani ya malire a dimba ikadali pomwepo, aliyense akuti mzere wa nthochi ndi wake.

Tsopano mkangano uli pa dzanja lamanzere. Poti mnofu wake sunaphwe, adokotala anati tiyambe ndi tala, chomangira chokhala ndi kachitsulo m'kati chimene chimagwira dzanja kuti lisapindike usiku. Zikakanika pali jakisoni wochepetsa kutupa, amene amatha kubaya akuyang'ana pasikirini kuti singano isagunde mtsempha, ngakhale kwa ambiri mpumulo wake ndi wa miyezi chabe. Tala amavala akakumbukira, ndipo nthawi yotentha amati imawayabwa. Ndinawagulira kamakina kopukusa ndi dzanja kotonolera chimanga. Akuti kamaswa mbewu, ndiye kali pakhonde, ana akusewera nako.

Mwezi wathawu anandiuza okha kuti lamanzere layamba kuwadzutsa kawirikawiri. Ndinati tipitenso ku Tete akaliyezenso, tione ngati 12 uja wakwera. Anawerenga ndi zala ntchito zimene zatsala: kupalira, kubandira, fodya, mbatatesi za kudimba. Akuti tikakolola. Ndawauza mchemwali wanga kuti awaimbire Lamlungu likubwerali.